Pumbwa wa pa Zenera Lathu

Chaka chimene boma linasamutsa maofesi kuchoka ku Zomba, amuna anga anapatsidwa nyumba ku Area 10. Nyumba yokongola, inde, koma pabwalo panali pambalambanda, dothi lofiira lokhalokha. Mathirakitala anali atazula zonse. Anasiyako mkuyu umodzi kuseri kwa chipinda chathu chogona, kaya anachita kuuiwala.

Mumkuyumo munkakhala apumbwa awiri. Ine wokulira kumudzi, pumbwa sindinkamuyesa kanthu, koma pamalo ouma ngati aja anasanduka anzanga. Bambo akapita kuntchito ku City Centre, ndinkachapa pansi pa mtengowo n'kumamvetsera. Wamwamuna ankaimba m'mawa ali pansonga, kuuza apumbwa ena kuti mtengo uno uli ndi mwini, komanso kuitana mkazi wake. Mphaka wa aneba akamadutsa, mawu ankasintha, kukhala aafupi ndi okalipa, ndipo wamkazi ankangoti phee pachisa.

Vuto linali galasi. Mazenera a nyumba zatsopano zija anali aakulu, ndiye pumbwa akadziona m'menemo ankayesa ndi mnzake wodzamulanda mkuyu. Ankaimba mokweza, winayo osathawa, basi n'kuyamba kujompha zenera. M'mawa uliwonse, go go go.

Nthawi imeneyo bambo anali atangokwezedwa pantchito, ndipo ankadandaula kuti ku ofesi anthu sakuwayang'ana bwino. Tsiku lina anaima pazenera paja nkhope ili gwa.

"Mayi, mbalame iyi si yabwino ayi. Alipo waituma."

"Bambo, ikungodziona yokha m'galasimo. Ndipakepo sopo, isiya."

"Sopo? Nyumba ya boma, mazenera opaka sopo? Anthu aziti muno mukukhala ndani? Mtengowu uchoke basi."

Munthu wopita kusukulu, mkulu wa mpingo, wotsogolera nyimbo Lamlungu lililonse, kuopa kambalame kosadzaza n'dzanja lomwe! Ndinawauza kuti m'chisa muli ana. Anangomanga tayi n'kutuluka.

Loweruka ndinatsikira kumsika ku Area 1 kukagula ndiwo. Pobwera ndinapeza mkuyu uli pansi. Bambo anali ataitana amuna awiri ankhwangwa, atadikira dala kuti ine ndichoke. Chisa ndinachipeza m'masamba, tiana titafa, nyerere zitayamba kale ntchito. Pumbwa wamkazi ankangozungulira pamwamba pa chitsa, kenaka n'kutera pawaya wa mpanda, akulira kulira komwe ndinali ndisanakumvepo. Ndinakwiya, ndipo tsiku limenelo sindinaphike. Zimandiwawabe mpaka pano, kuti pamalo onse aja panatsala mthunzi umodzi wokha, ndipo tinaugwetsa ife eni, chifukwa cha mantha ndi manyazi a sopo.

M'mawa mwake, bambo akumeta ndevu kukonzekera kutchalitchi, tinamva go go go. Pumbwa anali pazenera pomwe paja, akumenyana ndi mdani wake, kuteteza mtengo womwe kunalibe. Bambo anaima ndi lezala m'manja n'kuyang'ana pabwalo ponse. Panalibenso choti adule.