Chikwama cha dokotala wa mapenenga

Chimfine chija chinafika chaka chomwe ndinabwerera ku Mwenilondo kuchokera kusukulu ya zachipatala, kumene ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwaulemu kuti mayeso si mbali yanga. Chinagoneka mudzi wonse. Ena tinawaika m'manda, ambiri anadzuka n'kubwerera kuminda ya mpunga. Inenso ndinadzuka, koma mpweya wanga unatsalira pamphasa. Ndikakwera kachulu ka kuseri kwa nyumba, ndinkafika pamwamba ngati munthu wochokera ku Songwe wapansi, thumba la mchere lili pamutu.

Kuchipatala ndinapeza bambo wina wa ku Mulanje akuona odwala. Anandimvetsera pachifuwa kwa nthawi yokwanira kusonyeza kuti boma limasamala anthu ake.

"Chimfine chinatha, achimwene," anatero. "Otsalawa ndi alendo ochedwa kutsanzika. Musawathamangitse."

Anandipatsa asipulini.

Vuto linali lakuti ndinali woimba lipenga m'gulu la kwathu lovina gule wa mapenenga, ndipo kunja kwa gululo dzina langa linali "uja analephera". Mumzere ndinali munthu: kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo. Lipengalo ndi chikho chabe, koma limafuna mapapo athunthu, ndipo umaliimba uku ukuvina. Tinkakonzekera kukapikisana ndi a ku Lupembe.

Poyeserera ndinapeza nzeru ya munthu wophunzira. Ndinkaika lipenga pakamwa, kutupitsa masaya, osatulutsa kanthu. Mtsogoleri wathu, amene mwa mwambo wa gule timamutcha Kingi, anali amalume anga. Anaimitsa ng'oma.

"Mphwanga, lipenga lako laferedwa?"

"Likuimba chamumtima, amalume."

"A ku Lupembe samva za mumtima. Imba wekha timve."

Ndinaimba. Linalira ngati mbuzi yomwe ili kutali, kenako ndinatsokomola mpaka kukhala pansi. Palibe anaseka. Zimenezo n'zomwe zinandiopsa.

Akuluakulu a gulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana zondichotsa, ine ndili pomwepo, chifukwa kuti ndichoke ndinafunika kuyamba ndapuma. Tsono gulu la mapenenga limakhala ndi maudindo ngati boma, ndipo umodzi ndi wa dokotala. Iyeyu savina. Amavala chijasi choyera, amayenda kumbuyo kwa mzere ndi chikwama, kupukuta anthu thukuta ndi kunamizira kuwayeza. Dokotala wathu anali atapita ndi chimfine chomwecho.

"Uyu anapitako kusukulu ya zimenezi," anatero amalume.

"Sanamalize," anayankha woimba ng'oma.

"Chikwamanso mulibe kanthu. Akwanirana."

Lipenga langa anapatsa msuweni wanga, amene mapapo ake anali abwino kuposa makutu ake.

Ku Lupembe ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu anati dokotala wa chaka chino ndi wolemekezeka. Sanadziwe kuti liwiro langa lonse linali lomwelo. Pakati pa gule msuweni uja anayamba kupuma mwawefuwefu. Ndinamugwira pamkono, n'kuyang'ana padzanja langa pomwe panalibe wotchi.

"Ndifa, adokotala?" anandinong'oneza.

"Inde, koma malizani kaye nyimboyi."

Mpweya unabwerera theka lokha, ndipo mpaka lero ine ndi kachulu kaja timangopatsana moni. Lipenga sindinaliimbenso. Koma kuyambira tsiku limenelo a ku Mwenilondo amanditcha adokotala, ndipo amayi anga, atalingalira mofatsa, anasiya kuwakonza.