Makalata Amene Bambo Sanalembe

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyandikana ndi mkulu wina wokonza nsapato. Muyeso wa munthu ankangowuona kamodzi pa tepi, basi wakhazikika m'mutu. Manambala ankawadziwa, koma zilembo ayi, ndipo ichi anachibisa zaka zambiri. Ukawapatsa pepala ankasisita matumba n'kunena kuti, "Magalasi ndaiwala kunyumba, tandiwerengera." Magalasiwo sitinawaonepo m'nyumba mwathu.

Kusukulu kwathu kunali lamulo lakuti mwana akajomba abwere ndi kalata ya kholo. Akajomba masiku khumi pa teremu popanda chifukwa chomveka, dzina lake linkachotsedwa pa mndandanda wa olemba mayeso. Mwini lamuloli anali aphunzitsi a kalasi yathu, omwe tinkawatcha Mayi Kaundula chifukwa buku la mayina silinkachoka m'khwapa mwawo. Ena ankati amagona nalo.

Makolo a anzanga ankangolemba mizere iwiri n'kupatsira mwana. Bambo ayi. Ine ndikadwala ankaphimba makina ndi nsalu, kuuza wa nsapato uja kuti aziponyako diso, n'kuyenda wapansi mpaka kusukulu, tepi ili m'khosi. Ankagogoda pachitseko cha kalasi, chipewa chili m'manja.

"Zikomo aphunzitsi, mwana wanga lero sabwera, watentha thupi."

Ndikachira, anzanga ankandilandira atakoleka zingwe m'khosi, akuyerekeza mawu a bambo. Manyazi ake ndinkafuna nthaka indimeze. Lero ndikakumbukira manyazi amenewo ndimadzikwiyira.

Chaka cha mayeso, mkulu wake wa mnzanga anatsegula saluni kuseri kwa depoti. Munali wailesi, magalasi aakulu pakhoma, ndi miseche yatsopano tsiku lililonse, ndipo palibe ankandifunsa masamu. Ndinayamba ndi Lachisanu limodzi. Kenako Lolemba linalowapo. Ndinkatuluka m'nyumba ndi yunifolomu yosoka bambo omwe, kukafika pakona n'kukhotera ku depoti, tsiku lonse ndili kuluka tsitsi la anthu.

Za makalata sizinandivute. Ndinkalemba ndekha mopendeketsa zilembo, pansi n'kuika dzina la bambo ndi siginecha yopiringizika ngati ya bwana wa kubanki. Ndinadwala mutu, m'mimba, dzino, mpaka ndinapha azakhali amene sanabadwe n'komwe. Mayi Kaundula ankalandira kalata iliyonse n'kuipana m'buku mwawo. Ine ndinkadziona wochenjera. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chimene sindinaganize n'chakuti mayiwa anali atawaona bambo pachitseko chija kangapo konse. Munthu wotseka makina chifukwa cha chimfine cha tsiku limodzi sangayambe lero kutumiza makalata a maliro. Kalata yakhumi ndi chimodzi itafika, mayiwo anapita okha pakhonde paja kukaitana bambo.

M'mawa mwake tinali mu ofesi ya ahedi, ine chiimire pafupi ndi kabati ya mabuku. Ahedi anayala makalata onse patebulo.

"Bambo, makalata awa ndi anu? Ngati ndi anu, nkhani yatha, mwana alemba mayeso. Ngati si anu, lamulo mukulidziwa."

Dzanja la bambo linapita pathumba la malaya. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Ndinadziwa kuti anena za magalasi, ahedi awawerengera, iwo n'kungovomera ndi mutu kuti andipulumutse. Koma dzanjalo linatsika.

"Ahedi, magalasi ndilibe, sindinakhalepo nawo. Ine kulemba sindidziwa, ngakhale dzina langa. N'chifukwa chake ndimabwera ndekha."

Chinsinsi chimene anachisunga zaka makumi anayi anachitaya pamaso pa anthu ophunzira chifukwa cha bodza langa. Sanandiyang'ane.

"Koma musamuchotse, ndapota nanu," anapitiriza. "Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Akajomba tsiku limodzi lokha, fufutani dzinalo, sindidzabweranso kudzadandaula."

Ahedi anayang'ana Mayi Kaundula. Mayiwo anatseka buku lawo n'kunena kuti, "Bambo awa sanandinamizepo. Tiyeni tiwayese."

Lolemba lotsatira bambo anakweza makina pa wilibala n'kukawaika m'mbali mwa mpanda, moyang'anizana ndi geti la sukulu. Pamalopo panalibe khonde. Dzuwa linkawathera pamutu, fumbi la magalimoto likulowa m'makina, ndipo makasitomala awo ambiri sanawatsatire. Ankangokhalira kusoka zigamba pa makabudula a ana asukulu. M'mawa uliwonse ndikamalowa pageti sankadzutsa mutu, koma phazi lawo linkaima kaye kupalasa mpaka nditalowa, kenako makina ayambenso kulira. Sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo bola akanandikalipira.

Mayeso ndinalemba, ndinakhoza. Makina anabwerera pakhonde lawo lakale, ndipo nkhani ya makalata sitinaitchulenso. Za magalasi nazo zinathera pomwepo. Munthu akawapatsa pepala ankangoti, "Dikirani mwana wanga aweruke."

Atamwalira ndinapita kukatenga makina aja. Mu kadilowa kake, pansi pa mabatani ndi zidutswa za choko, ndinapeza makalata khumi ndi imodzi omangidwa ndi ulusi wakuda, m'mopindamo mutang'ambika chifukwa chotsegulatsegula. Wa nsapato uja, tsopano imvi zili mbuu, anandiona nditawagwira.

"Anakawapempha kwa aphunzitsi aja," anatero. "Kukakhala kopanda ntchito ankawatulutsa n'kundilozera pansi pomwe pali siginecha. Amvekere, 'Achimwene, taonani mmene mwana wanga amalembera dzina langa.'"