Nyumba Yathu Yomwe Anatikana

Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Iwo ndi mng'ono wawo anatsegula kakampani kawo pa Namitete, ndipo ine ndinkalandira anthu ndi kuyankha foni. Ntchito ankaidziwa. Khoma lawo linkaima chilili, pulasitala wake wosalala ngati mbale. Koma anthu sankatikhulupirira.

Chikwangwani chathu chinali thabwa lomwe dzuwa linafufuta mpaka dzina silinkawerengeka. Tsamba la pa intaneti anatsegula ndi mlamu wangayo, koma poona kuti zithunzi za ntchito yathu n'zosawala, anaikapo nyumba zosanja za kunja.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Alimi a fodya, omwe ankatipatsa ntchito, anasiya kumanga. Ufa unayamba kutha m'nyumba, ana n'kumapita kusukulu osadya. Mlamu wanga ankangonena zopita ku esiteti kukakhala tenanti.

Ndiye kunabwera namwino wina wa ku Nambuma, mayi wofatsa, wofuna nyumba yodzapumiramo akasiya ntchito. Ndinasesa pakhomo, ndinabwereka mpando kwa oyandikana nawo. Anakhala pansi n'kutulutsa foni yake, n'kundionetsa chithunzi cha pa tsamba lathu lija.

"Kodi nyumba yosanjayi munamanga kuti? Mitengo iyi sindinaionepo kuno."

Ndinamuyankha kuti, "Imeneyo ndi chitsanzo chabe, mayi."

"Ndiye zanu zenizeni zili kuti?"

Amuna anga anati tipite naye ku Nsaru, komwe anamangira mlimi wina wolemera nyumba ya khonde lalikulu. Imeneyo ndiyo inali ntchito yathu yonyaditsa. Tinakwera njinga zamoto, ine ndikupemphera njira yonse.

Namwino uja atangoiona nyumbayo, nkhope yake inamasuka. Anasisita khoma, anayang'ana mmene mafelemu a zitseko ndi mawindo anakhalira. Mwini wake anatuluka, ndipo namwinoyo anamufunsa mwaulemu kuti anamanga ndani.

"Iyi? Ndinaitanitsa akatswiri a ku tauni," anatero bamboyo. "Awa ankangothandizira."

Ine ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Bambo, chonde, nenani zoona. Si amuna anga anakumba maziko awa? Si ine ndinkawabweretsera chakudya pano?"

Bamboyo anayang'ana kumbali. Namwino atapita kukaona kuseri, anandinong'oneza: "Mayi, dzukani. Anthu kuno amadziwa kuti nyumba yanga ndi ya amisiri a ku tauni. Ndikanena kuti ndi a pa Namitete, andiseka."

Pobwerera namwino uja sanakalipe. Anangoti, "Mwina mukunena zoona, koma ine ndigwire pati? Zithunzi si zanu, mwini nyumba wakukanani. Ndimanga kamodzi kokha moyo wanga wonse."

Ndinamuimbira foni kangapo mpaka anasiya kuyankha. Ndinapita kwa abusa athu kuti atichitire umboni, iwo anavomera, koma tinali titachedwa. Namwino uja anali atapereka kale ntchitoyo kwa kampani ina ya mu mzinda, ya galimoto yolembedwa dzina m'mbali ndi antchito ovala zipewa zachikasu. Sabata yomweyo mlamu wanga ananyamula banja lake kupita ku esiteti, kakampani kathu n'kuthera pomwepo.

Patapita nthawi, kapitawo wa kampani ya mu mzinda ija anafika pakhomo pathu. Anati akufuna mmisiri wodziwa kuyala njerwa, wa ganyu, ndipo aliyense wamulozera kuno. Malo ake anali ku Nambuma, pa nyumba ya namwino yemwe uja.

Ndinalira. Ndinawauza amuna anga kuti akane. Iwo anayang'ana ana athu atakhala pakhonde, milomo itayera, n'kulowa m'nyumba kukatenga zida zawo zomangira, levulo ndi chingwe.

Anamanga nyumba yonse, kuyambira maziko mpaka denga. Tsiku lina namwino anabwera kudzaona ntchito, n'kuwapeza ali pamwamba pa khoma.

"Eti ndinu bambo aja? Mwalowa kampani yabwino tsopano," anatero mokondwa.

Amuna anga anavula chipewa, anathokoza, n'kupitiriza kuyala njerwa.