Botolo la Makala ndi Mchenga

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinayamba kumuphunzitsa ndekha pakhomo. Analibe chitupa cha kubadwa. Ine ndinabadwira pafamu, makolo anga anachokera ku Malawi, ndipo za mapepala athu sizinalongosoke. Kusukulu atalimbikira kufunsa chitupacho, ndinangomusiyitsa.

Tinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina m'dera la Kuwadzana. M'mamawa ndinkakwera kombi, minibasi ya kuno, kukaoda tomato kumsika waukulu wa Mbare Musika, ndikabwerako tinkayala mabuku akale pabenchi. Masamu ndinkawatha. Sayansi ndinkaiopa, poti sukulu ndinalekezera fomu thu, ndiye ndinkangotsatira zithunzi za m'buku.

Tsiku lina tinapeza chithunzi cha kusefa madzi. Tinadula botolo lapulasitiki n'kulizondotsa, tinamanga kansalu kukamwa kwake, kenako tinathiramo makala osinja, mchenga ndi timiyala. Mwanayo anakatunga madzi amatope m'ngalande ya kumsewu. Nthawi imeneyo m'mipopi munali mouma, ndipo kolera inali itagoneka anthu angapo m'dera lathu.

Madzi anayamba kudontha m'kapu, oyera mbee. Ndinasangalala kuposa mwanayo. Apo n'kuti munthu wina akuitana pageti kuti akufuna tomato. Nditabwerako ndinapeza madzi m'kapu muja atatsala theka.

Ndinamufunsa kumene madziwo apita. Anati walawa.

"Mwanena nokha kuti ayera, amayi."

Ndinanenadi. Nditayang'ananso m'buku ndinaona mzere wa zilembo zing'onozing'ono pansi pa chithunzi, wonena kuti madzi otere asamwedwe asanawiritsidwe. Poyamba paja sindinauwerenge.

Ndinamugwira dzanja mpaka kukiliniki, iye akudandaula kuti ndikumupweteka. Anesi anandimvetsera bwinobwino. Anati palibe mankhwala a matenda amene sanayambe, ndimuyang'anire, ndipo akangotsegula m'mimba ndimumwetse madzi owiritsa a mchere ndi shuga n'kubwera naye msanga. Kenako anafunsa sukulu imene inamuphunzitsa zimenezi. Ndinayankha kuti ndi ine. Anangolemba pakhadi.

Masiku asanu sindinapite ku Mbare. Akalowa m'chimbudzi ndinkaima pakhomo kumvetsera. Ndinkamugwira pachipumi, kumusuzumira m'maso, kumufunsa za m'mimba mpaka anayamba kundithawa. Iye ankadya bwino, kusewera ndi anzake, kulongolola nawo Chishona pamsewu. Amene anasiya kudya ndine.

Sanadwale. Koma panadutsa mwezi ndisanatsegulenso buku lija. Masiku ano ndimawerenga tsamba lonse kawiri tisanayambe chilichonse, ndipo mawu amene andivuta ndimakafunsa amene anaphunzira. Panopa akundikakamiza kuti tiyese za batire, waya ndi babu la tochi. Ndawerenga, zikuoneka kuti palibe choopsa, komabe sindinamuyankhe.