Ng'ombe ya Alongo Anga Inafera Kuseri kwa Nyumba Yanga

Inu owerenga, ng'ombe ya alongo anga inafera kuseri kwa nyumba yanga, ndipo chinaipha ndi madzi amene ine ndinkasunga dala poopa kulakwira anthu. Mpaka lero mutu wanga sukugwira pa nkhani imeneyi. Ndikulemba kuti inu amene mumagwira ntchito ngati yanga zisakuonekereni.

Ndimakhala kufupi ndi Ntengo-Wambalame. Amuna anga atamwalira ndinayamba malonda a mchere. Makamiyau, magalimoto akuluakulu aja, akatsitsa masaku a mchere pa fera, msika wathu waukulu, pamatsala mchere wosesa pansi, wakuda ndi mchenga, umene amagulitsa motsika. Ine ndimausungunula m'madzi, kusefa pansalu, n'kuuphika m'chiwaya mpaka uyere mbee. Pambali ndimawotcha zitsononkho ndi makoko a nyemba n'kutcheza chidulo chaukali, chimene opera fodya wamphuno a ku Chidzolomondo amachikonda. Ntchito ziwirizi zimasiya madzi pansi pa chiwaya, ofiirira, oterera, oti ukalawa lilime limachita ngati lapsa.

Poyamba ndinkawathira m'kangalande kotsikira kudambo. Sipanapite nthawi, amayi ena olima kumunsiko anabwera ndi kabichi wofota m'manja kudzandionetsa, nati nthaka yawo yayamba kutuwa. Ndinapepesa ndi mtima wonse. Ndinakumba dzenje, koma ena anati madziwo adutsa pansi mpaka kuchitsime chimene tonse timamwa. Nanga ndiwataye kuti? Aliyense ankadziwa kumene sindiyenera kuthira, koma wondiuza kothira panalibe. Ndiye ndinagula tambolo, mgolo wachitsulo wodula pakati, n'kuliika kuseri kwa nyumba kuti ndizithiramo madziwo, dzuwa liziwaumitsa lokha. Ndinadziona wanzeru, abale!

Zodabwitsa zinayamba ndi mbuzi. Kenako ng'ombe za eni, zikamachokera kudambo, zinkasiya njira n'kulunjika kwanga kudzanyambita dothi pamene madzi ankadonthera. Anthu anayamba kunong'ona kuti mayi uja ali ndi mankhwala okokera ziweto za anzake. Ine ndinabadwira pamudzi, ndimadziwa kuti ng'ombe ndi mchere sizisiyana, komabe manong'onong'o aja anandisokoneza mpaka ndinaitana amayi a kutchalitchi kuti adzapemphere pabwalo. Tinapemphera, tambolo lili pomwepo kukamwa kuli pululu. Zoti chamoyo chingamwe madzi owawa chotero sizinandibwerere n'komwe.

Alongo anga aakulu ndiwo anandilera titathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Titabwerera analima kachewere zaka zambiri mpaka anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Ngolo imeneyo ndiyo inali kudyetsa banja lawo, chifukwa ankanyamulira anthu kachewere kuchokera kumadimba kupita kumsewu.

Tsiku limenelo dzuwa linaswa mtengo. Alongo anga anali akuchokera kumsewu, ng'ombe zisanamwe chiyambire m'mawa, ndipo anapatukira kwanga kuti andione. Ndine ndinawakakamiza kuti akhale pansi amwe thobwa. Anamasula goli, ng'ombe zikhale pamthunzi, ife n'kumacheza za maliro a kwa achibale. Tili mkati mocheza tinamva tambolo likulira ngwee! Pothamangira kuseri tinapeza ng'ombe yakuda, imene inali yamphamvu pa ziwirizo, italowetsa mutu, madzi atatsala pang'ono pansi.

Alongo anga anaikwapula n'kuseka, nati yakhuta ndiwo. Koma dzuwa lisanapendeke inayamba kunjenjemera, kutsegula m'mimba, kuzungulirazungulira ngati sikuona. Inagunda nkhokwe, inagunda mpanda. Ine ndinathamangira kuchitsime, balidi pamutu, ulendo ndi ulendo, poganiza kuti madzi abwino atsuka m'mimbamo. Inamwa onse amene ndinaipatsa. Kenako inagwa, miyendo ikupalasa pansi, ndipo siinadzukenso.

M'mawa mwake tekiniko wa ziweto anabwera panjinga yamoto kuchokera ku Tsangano. Ananunkhiza tambolo, nati ndi mchere ndi chidulo. Ndiye anandifunsa kuti ndinaimwetsa madzi ochuluka bwanji. Nditamuuza anagwira pakamwa. Anati ng'ombe yotero imafunika kuipatsa madzi pang'onopang'ono, ndipo mwina ochuluka aja ndiwo anaitsiriza. Mwina, anatero, osati ndithu.

Taonani tsono, inu owerenga. Ndinasunga madzi kuti ndisaphe kabichi wa eni, ndinapha ng'ombe. Ndinatunga madzi kuti ndiipulumutse, akuti ndiwo anaimaliza. Pamudzi ena ankati mankhwala anga aja aonekera poyera. Alamu anga, akazi awo a alongo anga, ankati ndinachita dala chifukwa cha nsanje. Nyama anthu anaikana poopa mankhwala, ndipo tinaikwirira yonse ndi chikopa chomwe. Ine ndinafika pomadzifunsa ndekha ngati mumtima mwanga munalidi kanthu koipa kamene sindikukadziwa.

Alongo anga okha sananene kanthu. Akanandikalipira bwenzi ndikudziwa pamene ndaima. Ng'ombe imodzi sikoka ngolo, choncho inzake ija anaigulitsa. Ngolo ili pansi pa mtengo, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Munthu wamkulu ngati uja tsopano amakankha saku la kachewere panjinga kukwera zitunda za kuno, ndipo ndikamuona patali ndimalowa m'nyumba.

Mchere sindinasiye kuphika, chifukwa ana ayenera kudya. Koma ndikupempheni inu ophika mchere ndi otcheza chidulo, musalole madzi otsala achuluke. Ine tsopano ndimawabwezera m'chiwaya pophika ulendo wotsatira, ndipo mumatulukanso mchere wina umene kale ndinkangotaya. Achidulo ndimawathiranso paphulusa latsopano. Otsala enieni amakhala ochepa, ndipo ndimawaumitsa m'mbale yaikulu mkati mwa kampanda kotseka, nditavindikira ndi sefa wawaya. Mukaona ziweto zikuzungulira pamalo panu, musamvere za anthu, pitani mukavindikire. Chiweto chikamwa, itanani wodziwa musanachite chimene mtima ukukuuzani.

Dumingu lapitali, tikuchokera kutchalitchi, alongo anga anafika pakhomo panga koyamba chichitikireni zija. Sanakhale pansi. Anatulutsa kambale m'thumba la jekete n'kunena kuti, "Mlongo, tipatseko kamchere." Ndinadzaza mpaka kusefukira. Anathokoza n'kumapita. Mpaka pano sindikudziwa ngati anabwera kudzandikhululukira, kapena m'nyumba mwawo zafika poti ngakhale mchere sakuukwanitsa.