Foni ya pamkeka wa Binti

A Tabia ndi aneba anga kuno ku Masiphumelele, ku Kepi, ndipo chotilekanitsa ndi lata limodzi, moti akayetsemula ine ndimayankha. Kwawo ndi ku Machinga. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek, ndipo ganyu yangayi anandipezera ndi iwowo nditangofika kuchokera ku Dedza. Koma pakamwa, abale inu! Mayi ameneyu atha kucheza ndi chitsulo chositira mpaka chitazizira. Ndimawauza pamaso kuti tsiku lina lilime lidzawathawa, iwo amangoseka.

Chimene sindiwanena nacho ndi kuzonda odwala. Mmalawi akadwala kuno, kaya ndi wa kumzikiti kwawo kaya wa kutchalitchi kwathu, oyamba kugogoda ndi a Tabia, phala lili m'manja.

Ndiye chaka chija nthenda ya mpox inamveka kumudzi, inagwera Binti, mng'ono wawo wa ku Machinga komweko. Anayamba ndi kutentha thupi ndi mwanabere, kenako matuza kumaso ndi m'manja. Ku chipatala anamuyeza n'kumubweza kuti akachirire kunyumba. A Gresham, alangizi a zaumoyo a m'deralo, ananena mosapsatira: Binti akhale m'chipinda chayekha, mbale yake, chitenje chake, mkeka wake, ndipo wina asamukhudze mpaka zilonda zitauma n'kuyoyoka. Ana ake anapita kwa azakhali awo.

Vuto linali mayi awo, nkhalamba yodwaladwala kale. A Gresham anachenjeza kuti nthendayi ikawagwira iwowa, zikhoza kuvuta. Koma kwathu wodwala sasiyidwa yekha, mukudziwa inu. Munthu amakhala naye pamkeka, kumusisita msana, kumupukuta thukuta. Gogoyo anapinda chitenje chawo n'kunena kuti akulowa basi.

Ndinamva ndekha kudzera pa lata lija, a Tabia akukuwa pa foni.

"Amama, musalowe! Mukufuna ndilire anthu awiri ndili kuno?"

"Mwana wanga akhale yekha ngati mfiti? Anthu anena chiyani?"

"Sakhala yekha. Ndikhala naye ndine."

Ine ndinati mayiyu mutu wazungulira. Akhala naye bwanji ali ku Kepi? Koma ankadziwa chimene akunena. Anapempha mlamu wawo, mwamuna wa Binti, kuti foni ilowe m'chipindamo ndipo isatulukenso, chingwe chotchajira chidutse pawindo kuchokera ku batire la sola. Gogo anawaikira mpando panja, pansi pa windo lomwelo, pamene atha kumva zonse.

Kuyambira pamenepo a Tabia ankakolopa nyumba ya madamu awo foni ili m'thumba la epuloni, akucheza ndi Binti. Ankamufunsa ngati wamwa madzi, ankamukalipira akayamba kukanda, ankamufotokozera za mphepo ya kuno imene imauluza zovala ndi mapegi omwe. Madamu atafunsa, anawalongosolera, ndipo anangoti bola asagwetse mbale.

Mawu awo atayamba kusasa, anatigawira ntchito enafe, anzawo a pano. Faridah anatenga m'mawa, a Angelina masana, ine ndikaweruka. Ndinadandaula, eetu, munthu sindimudziwa, ndikamba naye chiyani? A Tabia anati, "Kuzonda wodwala sikufuna chibale, Olive. Ingoyamba ndi moni." Ndinayambadi ndi moni, ndipo tinathera pa nkhani ya apongozi anga. Binti anaseka mpaka gogo panja anafunsa ngati muli phwando m'menemo.

Sikuti gogoyo anagonja msanga. Tsiku lina Binti analira ndi ululu wa zilonda za m'kamwa, ndipo tinamva chitseko chikugwedezeka. Gogo ankafuna kulowa. A Tabia sanakuwe ulendo uno. Anangoti, "Amama, muimbireni ija munkatiimbira tikamadwala malungo." Chitseko chinasiya kugwedezeka, ndipo nkhalambayo inaimba ili panja.

Loweruka lina tikuchapa pabwalo, foni ili pa ndowa yovundikira, tinamva mawu a a Gresham. Anayang'ana khungu la Binti n'kunena kuti zonse zapola, atha kutuluka. A Tabia anali pakati pa nkhani ya mtengo wa tomato, ndipo anaidula pomwepo.

Chitseko chinalira. Kenako tinamva gogo: "Mwanangu, waonda! Bwera kuno." Panali kulira, kuseka, ana akuthamanga, wina akululutira chapatali. Gogoyo anali bwinobwino, opanda ngakhale katuza kamodzi. Tinadikira kuti wina atole foni atiuze kanthu, koma mawu onse anatuluka panja n'kumka natalikira.

"Atiiwala pamkeka," ndinatero, ndipo kunena zoona zinandiwawa.

A Tabia anapukuta misozi ndi mkono wa thovu, nkhope ili mwee.

"Asiyeni, Olive. Munthu akaiwala foni ndiye kuti ali ndi womugwira dzanja."

Anaizimitsa okha, n'kubwerera ku zochapa zawo.