Nyama imene ndinatumiza kwa Esinta

Chinayamba ngati kachiphuphu koyabwa padzanja lamanja, kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Ndinati ndi udzudzu. Posakhalitsa pakati pake panada bii ngati khala, mkono n'kutupa mpaka m'chigongono, koma osapweteka. Kusapwetekako n'kumene kunandipusitsa.

Masiku angapo m'mbuyomo ng'ombe yathu inali itafa mwadzidzidzi. Kwathu ku Thambani nyama sititaya, ndipo mwana wokwatiwa kutali samanidwa gawo lake. Ndinaiduladula ndekha, ina ndinaifutsa n'kupatsira wakabaza kuti akapereke kwa Esinta, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Anali woyembekezera.

Thupi litayamba kutentha, achipatala cha kwathu ananditumiza ku Boma. Adokotala anati ndi anthirakisi, matenda ochokera ku ziweto. Anandigoneka, jakisoni m'mawa ndi madzulo. Anesi anandifunsa modekha: "Mayi, nyamayo inapita kuti ndi kuti?" Nditatchula za Esinta, anasiya zonse n'kutuluka ndi foni.

Uthenga unayenda. Azaumoyo anauza alangizi a ziweto, amene anakatentha chikopa cha ng'ombe yofa ija ndi kubaya katemera ng'ombe za m'mudzi. Apachipata cha malire anaimbira anzawo a ku Mozambique. Koma kwa Esinta kulibe netiweki, kunafunika munthu wopita ndi njinga.

Mayo ine, kudikira! Mankhwala ndinkalandira, phala ndinkamwa, koma mtima unali kutsidya. Nthawi yoona odwala ikakwana ndinkayang'ana pakhomo, chikhalirecho ndikudziwa kuti sangatulukire. Ndinamusowa mwana wanga kuposa tsiku limene ndinamuperekeza kubanja.

M'mawa wina anesi aja anaima pabedi panga. "Amupeza. Nyama sanadye, akuti fungo lake limamuchititsa nseru. Amuna ake ndiwo anadya, ndipo ali pa mankhwala." Ndinalira mpaka odwala anzanga anayesa ndalandira uthenga wa maliro.

Pano ndili bwino, kwangotsala chipsera, khasu ndikugwira. Anzanga, chilonda chachilendo musadikire kuti chipweteke, thamangirani kuchipatala. Chiweto chikafa chokha, itanani alangizi, ndipo akakufunsani kumene nyama inapita, nenani konse. Mphatso yanga ikanandiphera mwana ndi mdzukulu tsiku limodzi.

Esinta anabereka mwana wamkazi. Sindinamuonebe, mitsinje yadzaza. Ndikungodikira madzi aphwe, ndikamunyamule ndi dzanja lomweli.